Chala cha Che Rahim

Safina sankaopa nyalugwe amene anthu ankati amayendayenda m'nkhalango ya paini pamwamba pa Phiri la Zomba. Sankaopanso matope a mu Januwale, aja amakugwetsa chagada dengu la magalagadeya lili pamutu. Chimene ankaopa mayi ameneyu chinali mimba yachikhumi.

Zisanu ndi zinayi anali atasenza kale: ana asanu ndi mmodzi amoyo, awiri kumanda, ina inapita padera. Yotsirizayo ndiyo inamuonetsa zakuda. Matenda anamuyambira ali kumunda wa mbatatesi, mzamba anabwera, mwana anabadwa bwinobwino, koma magazi osaleka. Amuna anayi anatsika naye phiri pa machira, mwamuna wake Che Rahim ali patsogolo, misozi ili chuchuchu. Atatsitsimuka kuchipatala, adokotala sanazungulire mawu ayi. Anati, "Mayi, mukadzatenganso pakati, ana anuwa akula opanda mayi."

Musaganize kuti Safina anali wogona, wosadziwa kudzisamala. Mayi ake analera ndi mkuzi, chingwe chija amakumanga m'chiuno, mfundo iliyonse kuimira chaka chimodzi chopuma. Mimba yachisanu ndi chinayi ija isanabwere, nayenso anakamangitsa mkuzi wa mfundo zitatu kwa mzamba yemwe uja, n'kutsatira malamulo ake onse. Mfundo zitatuzo zikadali gwa, uyo wayamba kulavulalavula m'mawa. Mzambayo atauzidwa anangoti mwina chingwecho chinanyowa ndi madzi a mvula. Ha! Pa Zomba pano chilipo chosanyowa ndi mvula?

Ndiye panatsala kuchipatala basi, ndipo apa ndi pamene panali Che Rahim. Tisawanamizire, sanali munthu woipa. Ankacheka matabwa m'nkhalango, mowa sankaudziwa, swala sankadumphitsa, ndipo sanamukwezerepo dzanja mkazi wawo. Koma kumacheka anzawo ankanena kuti mkazi akabayitsa jakisoni wolera, mwamuna amasanduka wogwa m'papaya. Ena ankati mkazi wotseketsa amayamba kuyendayenda chifukwa alibenso chomugwiritsa. Che Rahim zonsezi anameza osatafuna.

Safina anawapempha kawiri, atagwada. Kachiwiriko anamuyankha mofatsa ndithu.

"Mayi a Nasoro, Mulungu amene anakupulumutsani pa machira paja wamwalira kodi?"

"Sanamwalire, bambo a Nasoro. Koma adokotala aja anawalenganso ndi iye yemweyo."

"Nkhani imeneyi ithere pompa."

Inathera pomwepo pakamwa, koma masiku sankaima. Khanda lija linali litayamba kukwawa, ndipo Che Rahim anali atayamba kubwerera kunyumba dzuwa likadalipo, atasamba kale ku mtsinje wa Mulunguzi. Mkazi aliyense amadziwa tanthauzo lake. Safina ankati akamva mapazi awo pabwalo, mtima unkachita phaa, ngati wamva mkango. Ndipo chinkamupweteka kwambiri n'chakuti mwamunayo ankamukonda.

Tsiku lina, chaka chija chotsatira chisankho choyamba cha matipate, anagulitsa zipatso zake msanga pamsewu n'kutsikira ku Zakazaka kwa mkulu wake, Mwanamvua. Ameneyu anali mayi wa pakamwa, wokazinga mandasi, wodziwa kulemba chifukwa cha sukulu ya kwacha, ndipo sankalola kuti aliyense aiwale zimenezo. Anamva nkhani yonse akutembenuza mandasi m'mafuta.

"Ndikangopita ndekha kuchipatalako, achemwali, pali vuto?" anafunsa Safina.

"Iwe, ukabwezedwa pakhomo! Ine ndinapita nthawi ya chipani chimodzi ija, nditabereka wachisanu. Anesi anandifunsa, kalata ya bambo ili kuti? Ndati bambo ali ku Joni. Akuti dikirani abwere. Anabweradi, n'kundisiyira mapasa. Popanda chala cha mwamuna pa pepala, usadzivute."

Safina anayamba kulira. Mwanamvua anamusiya alire kaye, kenaka anafunsa ngati zongocheza, "Nanga ka Amira kaja, alamu akadali kukuvutitsa nako?"

Amira anali mwana wa mng'ono wawo wa Che Rahim, kamtsikana ka zaka zinayi. Bambo ake ndi mayi ake anamwalira motsatizana, ndipo kuchikazi kunali kutali ku Mozambiki. Che Rahim anakhala akumupempha Safina kuti amutenge mwanayo, koma iye ankazengereza: thupi lofooka, ana asanu ndi mmodzi, nyumba ya zipinda ziwiri.

"Akundipemphabe," anatero Safina.

Mwanamvua anaphula mandasi, anapukuta manja, anang'amba pepala m'kope la mdzukulu wake. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, kenaka anawerenga mokweza: "Ine Rahim ndavomera ndi mtima wonse kuti mkazi wanga Safina alere."

"Alere chiyani?"

"Alere basi. Chichewa n'chokoma, mng'ono wanga. Kuphiri kulera ndi kutenga Amira. Kuchipatala kulera ndi zija ukufunazi. Mawu ndi amodzi omwewo."

"Limenelo ndi bodza, achemwali."

"Bodza lili pati? Tingoleka kumaliza mawu. Koma Amira umutengedi, usandichititse manyazi."

Lamlungu lake Mwanamvua anakwera phiri, akupuma wefuwefu ndi kutukwana mwala uliwonse. Anawapeza Che Rahim akunola macheka pakhonde. Anayamba ndi nthabwala za pachilamu, kuti alamu mwaonda, mng'ono wangayu sakuphikirani? Kenaka anaiponya nkhani: Safina wavomera kumutenga Amira. Koma abale, chimwemwe chake! Che Rahim anaimirira, anakhalanso pansi, anathokoza Mulungu, anathokoza mkazi wawo, mpaka anathokoza ndi malemu apongozi awo.

"Kungoti masiku ano zinthu zimafuna pepala," anatero Mwanamvua, n'kuwerenga kalata ija momveka bwino, osadumpha liwu.

"Ndi mtima wonse ndithu! Alere, alere!" anatero Che Rahim.

Zilembo za Chiarabu ankazidziwa kuchokera kumadarasa, koma za Chichewa zinkawavina m'maso. Mwanamvua anawapaka inki ya bolopeni pachala chachikulu, iwo anadinda mwamphamvu mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Safina anali chiimire pakhomo la khitchini, maso ali pansi. Sanasangalale ngakhale pang'ono. M'kamwa munali kuwawa ngati watafuna masamba a nimu. Tsiku lotsatira Che Rahim anakamutenga Amira, n'kubwera naye atamukweza pakhosi.

Lachiwiri m'mawa Safina anabereka khanda lake, anapinda kalata n'kuimanga pa ngodya ya chitenje, anatsika. Nkhungu inali itakuta mitengo ya paini. Anadutsa anzake ogulitsa mabulosi pamsewu, anawauza kuti akupita kusikelo. Pakachipatala ka m'tauni anapeza amayi ali ndandanda pa benchi: ena a ku Zakazaka, ena akazi a ogwira ntchito m'boma ovala nsapato zogogoda, ndi atsikana awiri a ku koleji amene ankaseka mokweza ngati ali kwawo. Safina anadabwa. Amenewa amuna awatenga kuti owadindira?

Atalowa anapeza anesi onenepa, a magalasi, dzina lawo a Modester. Anamufunsa za mimba zonse imodziimodzi, anawerenga kabuku kake ka kuchipatala, anagwedeza mutu pamene panalembedwa za magazi aja. Anamufotokozera njira zonse: mapiritsi, jakisoni, lupu, ndi kutseka kosabwereranso. Anamuuza kuti zogwa m'papaya zija ndi nkhambakamwa.

"Ndikufuna kutseka," anatero Safina. "Ndaganiza kwa miyezi isanu ndi inayi."

Anamasula chitenje, anapereka kalata ndi manja awiri. A Modester anaitambasula, anawerenga, anayang'ana chidindo cha chala chija, kenaka anamuyang'ana Safina pamwamba pa magalasi.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"Chilolezo cha bambo."

"Wakutumani ndani chimenechi?"

"Achemwali anga. Anati popanda chala cha mwamuna mundibweza."

A Modester anaseka mpaka kugwira tebulo. "Achemwali anuwo anabwera liti kuno? Zimenezo n'zakale, mayi wanga! Inenso ndinabwezapo amayi ambiri pa khomo lomweli, ena ndinakumana nawo ali m'bokosi. Sinditha kuiwala. Koma zinasintha. Bambo akabwera timawalandira, timawaphunzitsa, n'zabwino kukambirana. Koma mpeni ukadutsa pamimba ya ndani?"

"Yanga."

"Eya. Ndiye chala chikufunika pano ndi chanu."

Anatulutsa fomu, anamuwerengera yonse, anamufunsanso kawiri ngati wamvetsa kuti sadzaberekanso. Kenaka anakankhira kabokosi ka inki patsogolo pake.

Safina anachiyang'ana chala chake, chokhakhala, chodetsedwa ndi madzi a mabulosi. Moyo wake wonse chala chimenechi chinali chitalowa mu inki kawiri kokha: tsiku losankha pakati pa nyali ndi tambala, ndi tsiku losankha pulezidenti. Masiku onse awiriwo ankasankhira dziko. Lero ankasankhira Safina, mwana wa Abiti Saidi. Anadinda. Anamva kutentha kukwera kuchokera m'mimba mpaka kumaso. Kunali kunyada, kunyada kwenikweni, kumene anali asanakulaweko chibadwire.

"Mubwere Lachinayi m'mawa, musadye kanthu," anatero a Modester. "Mukatero sabata yathunthu osasenza katundu. Kalata yanuyi tengani, mukayatsire moto."

Pokwera phiri ndi pamene chimwemwe chinayamba kusanganikirana ndi manyazi. Bodza lonse lija, kumupusitsa munthu wa Mulungu pakhonde pake, zonsezo zinali zachabechabe! Akanatha kungokhala chete. Lachinayi akanangoti achemwali adwala, ndikukawadwazika, kabala kakang'ono n'kupola mkati mwa chitenje, Che Rahim n'kumangodabwa zaka zikupita kuti Mulungu watseka yekha. Mwanamvua akanamuuza zomwezo. Koma Safina anaima pa mlatho wa Mulunguzi, anayang'ananso inki ya pachala chake, n'kuona kuti sangathe. Munthu amene wadzidindira yekha sangakhalenso ngati mbala m'nyumba mwake.

Tsiku lotsatira masana anawatengera Che Rahim mbatatesi yophika ndi tiyi kumacheka. Anawapeza ali pamwamba pa chipika, mnzawo ali m'dzenje, macheka akupita uku ndi uku, utuchi uli mbuu. Anawaitanira pambali, pansi pa mtengo, kumene anzawo sakanamva. Anadikira kuti asambe m'manja, koma sanadikire kuti adye. Ndipo ulendo uno sanagwade. Anakhala pa chitsa moyang'anizana nawo, n'kuwapatsa pepala lija.

"Kalata yanu iyi, bambo a Nasoro. Sinagwire ntchito."

"Bwanji? A boma akana kuti tisamulere Amira?"

"Amira ndi wanga tsopano, palibe angandilande. Koma kalatayi sinali ya Amira. Inali ya kulera kwa kuchipatala. Tinakupusitsani, ine ndi achemwali. Ndalakwa, ndipo ndikupepesa."

Che Rahim analiyang'ana pepalalo, chala chawo chomwe chili pamenepo, nkhope ikuda pang'onopang'ono. Atayankhula mawu anatuluka otsika.

"Ndiye mumandiseka m'mitima pamene ndinkathokoza paja."

"Sindinaseke. Ndinalira kukhitchini."

"Mwandiyesa mbuli chifukwa sinditha kuwerenga."

Apa Safina zinamulasa, chifukwa zinali zoona. Koma anali atabwera ndi mawu awiri, ndipo achiwiriwo anali asanatuluke.

"Mawa ndikukatseka. Kuchipatala sanafune chala chanu, anafuna changa, ndipo ndadinda. Sindinabwere kudzapempha ayi. Ndabwera kuti mumve kwa ine mwini, osati kwa anthu."

"Mukatsika phiri ili mawa," anatero Che Rahim ataimirira, "mudziwe kuti talaka alipo. Mawu atatu okha."

Mayo! Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za ukwati, liwu limeneli, limene mwamuna wachisilamu akalinena katatu ukwati umatha, linali lisanatulukepo m'kamwa mwawo. Nyumba imene Safina ankakhala inali ya kuntchito kwa mwamunayo, munda wa mbatatesi nawonso chimodzimodzi. Akanapita kuti ndi ana asanu ndi awiri?

"Kuli bwino mundisiye ndikuyenda, bambo a Nasoro, kusiyana n'kuti ndikusiyeni ndili mu nsanda."

Anawasiyira chakudya chija pomwepo n'kumapita. Tsiku limenelo Che Rahim sanabwere kunyumba. Anagona ku msasa wa ocheka matabwa.

Lachinayi kutacha Safina anasesa pabwalo, anauza ana akuluakulu zochita, anabereka khanda n'kutsika. Panjira ankatembenuka pafupipafupi, tisabise, mwina munthu n'kumutsatira, kaya kudzamubweza kaya kudzamuperekeza. Kunalibe aliyense, koma anyani okha m'mitengo. Mwanamvua ankamudikira pa geti la chipatala, ndipo atamva kuti waulula anagwira m'chiuno.

"Iwe ndiwe chitsiru cha mtundu wanji? Ntchito yanga yonse ija!"

"Ntchito yanu inali yosafunika, achemwali. Lamulo lanu lija linafa kalekale."

Mwanamvua anakana kukhulupirira mpaka anakafunsa yekha kwa a Modester. Anatuluka ali chete, chinthu chosachitikachitika. Anakhala pa benchi, khanda lili pamiyendo, n'kunena motsitsa, "Likanafa zaka khumi m'mbuyomo, bwenzi msana wangawu uli wowongoka." Kenaka anadzuka n'kuyamba kuuza amayi onse a pamzere kuti uyo akulowayo ndi mng'ono wake, mimba imodzi, wadzidindira yekha.

Ntchitoyo sinatenge nthawi. Dzuwa lisanapendeke Safina anali atagona pa mphasa m'nyumba ya mkulu wake ku Zakazaka, pamimba pali kapulasitala kakang'ono, kosakwana chikhatho cha mwana. Pankapweteka ndithu akatsokomola. Koma mantha aja, amene anagona nawo ndi kudzuka nawo miyezi isanu ndi inayi, anawafunafuna m'chifuwa osawapeza. Anagona tulo tatikulu masanasana, mawailesi a anthu oyandikana nawo akulira mbali zonse.

Lachisanu linadutsa, kuphiri zii. Anthu anapita ku mzikiti n'kubwerako, uthenga osabwera. Mwanamvua anayamba kale kuyeza ndi maso kuti ana asanu ndi awiri angagone pati m'kanyumba kake, akung'ung'udza kuti amuna onse ndi amodzi. Safina mtima unkamuwawa, chifukwa mwamuna wakeyo ankamufunabe. Koma atadzifunsa ngati akanabwerera m'mbuyo, yankho linali ayi, ndipo linabwera msanga.

Loweruka chakumasana kunamveka kugwa kwa mtolo wa nkhuni pabwalo. Mwanamvua anasuzumira pawindo.

"Ee, alamu! Mwayamba kugulitsa nkhuni ku Zakazaka?"

"Ndimangodutsa," anayankha mawu a Che Rahim.

Kudutsa ndi mtolo wa paini kuchokera pamwamba pa phiri, kupita kuti? Anafika pakhomo la chipinda n'kuima pomwepo, osalowa, kofia ili m'manja. Maso anali ofiira, ndevu zosapesa. Anamuyang'ana mkazi wawo ali gone pa mphasa, ndipo Safina anaona kuti munthuyo akuwerenga mpweya wake, ngati ukutuluka bwino.

"Ndiye mwatsekadi."

"Ndatseka."

"Anzanga amva. Akundiseka kumacheka."

"Akusekeni. Akatopa asiya."

"Za kalata zija zikundiwawabe."

"Ndikudziwa. Zimenezo ndinalakwa, ndipo ndidzapepesa mpaka mudzatope nane. Koma izi za pamimbazi sindipepesa."

Mwanamvua anali kuseri kwa chitseko, chipande chili m'manja, kudikira kuti amve mawu atatu aja. Safina nayenso ankawadikira. Anadzutsa mutu, anatsamira chigongono ngakhale pankapweteka, kuti ngati akubwera amupeze akuyang'ana mwamunayo m'maso. Che Rahim anapotokola kofia ija.

"Magazi... sanatuluke ambiri?"

"Ngakhale supuni sinadzaze."

Che Rahim anapumira m'mwamba, mpweya wautali, mapewa n'kugwa. Anapukuta kumaso ndi kofia, ngati akupukuta thukuta.

"Nanga muima pakhomo pompo mpaka liti?" anatero Safina. "Lowani mukhale pansi, bambo a Nasoro, mukunditchingira kuwala."

Che Rahim anavula nsapato n'kulowa.